Madzi a Paulendo: Kuika Thanki pa Pikiapu

Anzanga, ife pano pa sukulu tinazolowera kuti ludzu likatigwira tingothamangira ku mpope, ndipo madzi akasiya tsiku limodzi lokha, madandaulo amveka kuyambira kogona mpaka kukhitchini. Koma alipo malo ena kumene munthu ayenda masiku asanu pa galimoto osaona mpope, chitsime kapena mtsinje. Amodzi mwa malo otere ali pakati pa dziko la Botswana, m'chipululu cha Kalahari, ndipo atchedwa Central Kalahari Game Reserve. Malowa anapatulidwa m'chaka cha 1961, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 52,800, ndiko kuti kuchepera pang'ono theka la Malawi. M'misasa yogonamo alendo mulibe mipope, ndipo m'nyengo yotentha kutentha kupitirira madigiri 40. Kumeneko kuli chigwa china chouma chotchedwa Deception Pan, ndiko kunena chigwa chonyenga, chifukwa dothi lake lakuda lioneka ngati madzi munthu akaliona ali patali. Tsono ndifuna kufotokoza mmene a paulendo wotere akonzera pikiapu yawo kuti inyamule madzi okwanira, ndi kuti madziwo afike nawo.

Ntchito yoyamba ndi ya pensulo ndi pepala. Munthu wamkulu m'dziko lotentha chotero afuna malita 4 kapena 5 akumwa tsiku lililonse. Tikaonjezapo ophikira, otsukira mbale ndi osamba m'manja ndi kumaso, tiyeni tiike malita 10. Anthu anayi pa masiku asanu afuna malita 200. Aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kale kuti lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Chotero madzi amenewa alingana ndi matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50. Pikiapu monga Toyota Hilux iloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo m'tani imeneyo tiwerengeramo anthu, mafuta apadera, matayala apadera, mahema ndi chakudya. Wofuna kusamba thupi lonse tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa kuti galimoto yolemedwa ititimira mumchenga ndi kuthyola masipuling'i.

Chachiwiri ndi thanki yeniyeniyo. Ikhale ya chitsulo chosachita dzimbiri, kapena ya pulasitiki yolimba yopangidwira kusungiramo zakudya ndi zakumwa. Isakhale yoonekera mkati, pakuti kuwala kwa dzuwa kukalowa mumera ndere. Mgolo umene unakhalapo ndi petulo kapena mankhwala a kumunda ndi wosayenera konse, ngakhale autsuke kangati.

Malo oika thanki ndiwo avuta ambiri. Iyenera kukhala m'munsi, ndiponso pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Ambiri aiika pansi m'bodi, kumbuyo kwenikweni kwa chipinda cha dalaivala. Ena aipachika kunsi kwa galimoto, koma pamenepo ifuna chitsulo choitchinga kuti miyala ndi zitsa zingaiboole. Kuika madzi ambiri padenga ndiko kuitana ngozi, chifukwa katundu wolemera akakhala pamwamba, galimoto sichedwa kugubuduzika pamalo opendekeka. Thanki imangidwa ndi malamba achitsulo ndi mabawuti, ndipo pakati pa thanki ndi lamba aikapo labala. Labalayo ngofunika chifukwa misewu ya kumeneko ili ndi timizere tomwe tigwedeza galimoto tsiku lonse, ndipo chitsulo chikamakhulana ndi chinzake kwa maola ambiri, chimodzi chibooka.

Aliyense amene anasenzapo ndowa yosadzaza adziwa mmene madzi athamangira uku ndi uku, ndiye chifukwa chake amayi athu aponya masamba pamwamba pa madzi pochokera ku chitsime. M'thanki ndi chimodzimodzi, koma kumeneko othamangawo ndi makilogalamu ambirimbiri, ndipo akankha galimoto pokhota ndi pogwira mabuleki. Tsono amisiri aika zipupa mkati mwa thanki, zokhala ndi mabowo, kuti madzi adutse pang'onopang'ono kuchokera m'chipinda china kulowa m'chinzake.

Thanki ifuna makomo atatu. Loyamba ndi lothirira madzi, lokhala ndi chotsekera cholimba. Lachiwiri ndi lotulutsira madzi, cha pansi. Lachitatu, limene ambiri aliiwala, ndi kapaipi kopumira. Pothira mkaka wa m'chitini tiboola mabowo awiri kuti mpweya ulowe pamene mkaka utuluka; thanki nayonso ikapanda popumira, madzi atuluka movuta, ndipo pampu ingathe kuifinya thankiyo. Kukamwa kwa kapaipika aikako kasefa ndi kukaloza pansi kuti fumbi lisalowe.

Kuchokera pa khomo lotulutsira, madzi adutsa pa valavu yotsekera, kenaka pa sefa yogwira mchenga, ndipo afika pa pampu yaing'ono yoyendera magetsi a batire, a mavoti 12. Mkati mwa pampuyo muli kaswitchi kamene kamva mphamvu ya madzi m'paipi. Munthu akatsegula mpope mphamvuyo itsika ndipo pampu iyamba yokha. Akatseka, mphamvu ikwera ndipo pampu ileka. Waya wa pampu ukhale ndi fyuzi pafupi ndi batire, ndipo ambiri aika batire yachiwiri kuti yolizira injini isathe moto usiku. Mapaipi akhale ofewa, opangidwira madzi akumwa, omangidwa bwino polumikizira, ndiponso otalikirana ndi paipi yotentha ya utsi.

Pano mpamene pali ngozi yobisika, ndipo ndipempha anzanga amvetse bwino. Pampu ija siidziwa kusiyanitsa mpope wotsegulidwa ndi paipi yothothoka. Paipi ikamasuka galimoto ili pa liwiro, mphamvu ya madzi itsika, pampu iyamba, ndipo m'phokoso la injini palibe womva. Pampu yotulutsa malita 10 pa mphindi imodzi itha malita 200 aja pa mphindi 20 zokha, madzi onse n'kumwedwa ndi mchenga eni ake akuseka ndi kuona nyama. Chifukwa chake lamulo ndi lakuti asananyamuke azimitse pampu ndi kutseka valavu ya pa thanki. Ndiponso payenera kukhala mpope wina wapansi wotulutsa madzi popanda magetsi, kuti batire ikafa anthu asafe ndi ludzu madzi ali nawo.

Za ukhondo nazonso nzofunika. Thanki ithiridwe madzi ochokera kodalirika, ndipo itsukidwe ndi klorini usanayambe ulendo. Sefa ya makala ichotsa fungo ndi kukoma koipa, koma siipha tizilombo toyambitsa matenda. Madzi okayikitsa awiritsidwe mpaka abwate kwa mphindi imodzi, kapena athiridwe klorini ndi kudikira mphindi 30. Kutsegula m'mimba kuchipululu nkoopsa kawiri, pakuti wodwalayo ataya madzi a m'thupi ndipo afuna akumwa ochuluka kuposa amene anawerengeredwa.

Chotsiriza tichiphunzira kwa eni dziko. Anthu a mtundu wa San akhala m'Kalahari zaka zikwizikwi popanda thanki kapena pampu. Iwo anali kupeza madzi m'mavwende akutchire ndi m'mizu, ndipo anali kusunga madzi m'zikamba za mazira a nthiwatiwa. Chikamba chimodzi chilowa pafupifupi lita imodzi, ndipo anali kuzitseka ndi kuzikwirira m'malo osiyanasiyana. Chimodzi chikasweka, zina zinali kutsala. Wapaulendo wanzeru achita chomwecho. Pambali pa thanki anyamula zigubu za malita 20, za mtundu umene anaupanga Ajeremani m'zaka za m'ma 1930. Zigubu zitatu ndi malita 60, ndipo zimenezi sazikhudza. Thanki ikabooka, kapena galimoto ikafa, anthu anayi akumwa malita 5 aliyense akhala ndi moyo masiku atatu podikira chithandizo. Madzulo alionse ayesa madzi otsala ndi kamtengo koyera ndi kulemba m'kabuku, ndipo akaona kuti achepa msanga, abwerera osachita manyazi.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. M'chipululu madzi ako ndi amene ali m'galimoto, osati amene wamva kuti ali kutsogolo. Enafe mwina sitidzafika ku Kalahari, koma pakati pathu pali amene adzakhala amakaniko, madalaivala ndi alangizi oyenda m'midzi yakutali, ndipo masamu ndi sayansi zimene tiziona ngati zotopetsa m'kalasi ndizo zidzawauza kukula kwa thanki ndi poiika.

Wophunzira wa Folomu 3