Khosi lomwe linakula ndi matabwa a mkungudza

Chikwama chomwe mlendo wakunja amafika nacho pa Likhubula chimakhala ndi malamba ambirimbiri: awiri a m'mapewa, lina la pachifuwa, ndi lina lalikulu lawofuwofu la m'chiuno, lomwe akuti limapeputsa msana. Bambo wina amene ndinamuona akulandira chikwama chotere anangochitembenuza, kumanga malamba onsewo pamodzi kuti asamalendewere, kupinda malaya akale kukhala nkhata, basi n'kusenza pamutu. Mwini chikwama anayesa kulongosola ndi manja kaberekedwe kake. Bamboyo anamwetulira. "Khosili linazolowera, bwana," anatero, n'kuuyamba mtunda atavala masilipasi, bwanayo akulimbanabe ndi zingwe za jombo.

Ntchito ya anthu amenewa, onyamula katundu ndi operekeza alendo pa phiri la Mulanje, sivuta kuifotokoza. Mlendo amatsika pa Chitakale, kulowera msewu wa ku Phalombe mpaka pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula, kulipira zolowera, n'kupatsidwa anthu. Amakwera nawo mpaka pa Chambe kapena pa Lichenya, kugona m'nyumba za m'phirimo, ndipo wolimba miyendo amapitirira ku Chisepo kuti m'bandakucha akakwere Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Ena amadutsa Thuchila, Chinzama ndi Sombani n'kukatsikira ku Fort Lister. Wonyamula sayenera kusenzetsedwa katundu woposa makilogalamu 18. Malipiro ndi a pa tsiku.

Koma masiku okwera ndi ochepa. Ochuluka ndi okhala pamthunzi, maso ali kumsewu. Mayina amayenda pa mndandanda kuti aliyense ayambukeko, ndiye amene watsika lero amabwerera kumchira. Alendo amachuluka kuyambira Meyi mpaka Okutobala; mvula ikayamba miyala imaterera, mitsinje imadzaza, ndipo mndandandawo umayenda pang'onopang'ono. "Ukapita kumunda galimoto ya alendo imabwera, ukakhala pano udzu umamera," anandiuza wina. Mnzake anamudula: "Iwe uli ndi munda. Ife minda yathu ndi tiyi wa eni ake." Sanali kuseka. M'munsi mwa phirili nthaka yabwino yambiri ili m'maesiteti a tiyi, ndipo anthu ndi othithikana moti kamunda ka banja sikafikitsa chimanga mwezi wa Januwale.

Pa ndalama ya tsikuyo munthu achotsepo ufa wake, bonya wake ndi mchere, chifukwa kumwamba kulibe okala. Kathumba kake amakamangirira pamwamba pa chikwama cha mlendo, ndipo palibe amene amakayeza pa sikelo. Akafika, mlendo amagwa pakhonde kupuma, iye n'kuthandizana ndi mlonda wa nyumbayo kusonkha moto ndi kutereka madzi. Mu Juni ndi Julayi kumtundako kumazizira mpaka udzu kuyera chisanu m'mawa. Mlendo amalowa m'thumba lake logonamo. Wonyamula amadzipinda m'bulangete limodzi pafupi ndi moto. Zimene amayembekezera kwenikweni ndi za tsiku lotsika, pamene mlendo wamtima wabwino amawonjezerapo kangachepe kapena kusiya jekete ndi nsapato. N'chifukwa chake mumatha kukumana ndi munthu wovala jekete ya mtengo wa njinga, m'thumba mulibe ndi ya sopo yomwe.

Zaka zapitazi zawakhaulitsa. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka maulendo, mndandanda unaima chiimire. Alendo atangoyamba kubwereranso, namondwe wa Freddy anagwa mu Malichi 2023, kugumula matope ndi miyala m'mbali mwa phiri, kukokolola midzi ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Thumba la chimanga limakwera mtengo tsiku lomwelo, koma mtengo wa wonyamula katundu umadikira msonkhano.

Ndiye pamene kulibe alendo, khosi lija limasenza chiyani? Apa nkhani imavuta kuifunsa, koma madala ena sabisa. Ambiri mwa iwo ntchito yoyamba pa phirili inali yotsitsa matabwa. Ocheka ankagwetsa mtengo kumtunda, kuucheka ndi sowo ya anthu awiri, ndipo anyamata ankasenza matabwa aataliwo pamutu, kutsika nawo chothamanga m'njira zomwe mlendo amatsika chokwawa. Thabwa lalitali silifuna kuti uime. Ukaima limakugwedeza, ndiye umangopondaponda mofulumira, dzanja limodzi likuwongolera kutsogolo kuti lisagunde mwala pokhota. Amene anaphunzira kuyenda motero, chikwama cha makilogalamu 18 amachiona ngati masewera. Ena mwa matabwawo anali a paini wa pa Chambe. Ena anali a mkungudza.

Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo ndiwo mtengo wa fuko lathu. Chiswe sichiudya, suola msanga, umanunkhira zaka ndi zaka. Ubwino womwewo ndiwo unaupha. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha itatsala m'phiri lonse. Lero woperekeza alendo amaimika gulu lake pa chitsa chakuda ndi moto, n'kufotokoza mwachisoni m'Chingerezi momwe nkhalangoyo inathera, pamene kumbuyo kwake kwaima mkulu wosenza chikwama amene mwina thabwa la chitsa chomwecho anatsitsa ndiye. "Tinkadziwa kuti mkungudza ukutha," anatero mmodzi. "Koma amene ankatuma anali ndi malole. Ife tinali ndi khosi basi." Ine sindimuweruza munthu ameneyo. Wogula analipo, msewu unali wotsegula, ndipo mitengo yochuluka chotero sikanatuluka m'phiri lotetezedwa kuyambira mu 1927 popanda ena ovala bwino kutseka maso. Alendo enieniwo, akatsika, amagula timabokosi tonunkhira pamsewu osafunsa komwe mtengowo wachokera. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likugwira ntchito ndi midzi yozungulira kufesa mbande ndi kuzibzala kumtunda, ndipo mbandezo zimakwera phiri pamitu ya anthu omwewo. Koma mkungudza umakula mochedwa, moto wa osaka nyama umabwera chaka ndi chaka, ndipo makala akupsabe m'mbali mwa phiri.

Woperekeza alendo, amene anzake amangomuti gaidi, amagulitsa zina: maso. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, nkhungu imaphimba zonse m'kanthawi kochepa, moti sungaone mwala umene waupondapo kumene. Gaidi wabwino amayang'ana kum'mwera m'mawa n'kunena kuti, "Lero ayi, bwana, tidikire mawa." Mawu amenewa ndi ovuta kuwanena kwa munthu amene walipira ndege ndipo ali ndi tsiku limodzi lokha. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womuperekeza kuti amalize yekha ulendo wa kunsonga. Mtembo wake unapezeka patapita masabata, anthu a m'derali atathandiza kufunafuna. Nkhani yake inadzasanduka filimu mu 2017. Akuluakulu a m'midzi ali ndi kafotokozedwe kawo ka zinthu zoterezi. Amati phirili lili ndi eni ake, kuti ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'tchire udye wekha osaitana mnzako, ndipo usayende modzikuza. Magaidi achinyamata amasimba zimenezi pamoto akuseka, koma mukafika pa Dziwe la Nkhalamba kapena m'miyala ya pansi pa Sapitwa mumaona kuti mawu atsika. Mu 2025 UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa. Nditatchula zimenezi, mkulu wina anangofunsa kuti, "Ndiye kuti alendo achuluka?"

Tsiku limodzi pa chaka anthuwa amatchuka. Mpikisano wa Porters' Race, womwe unayamba ngati wa onyamula katundu okhaokha, umayambira pa Likhubula, kukwera Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda wopitirira makilomita 20. Njira yomwe mlendo amayenda masiku awiri kapena atatu, otsogola amaimaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa, amayi nawonso ali m'gulu, ena opanda nsapato. Makamera amajambula, akuluakulu amayankhula, mawa lake onse abwerera pamthunzi paja.

Alendo achimalawi akuchuluka tsopano, a m'maofesi a ku Blantyre, a m'makwaya, ana a sukulu, ndipo zimenezi n'zokondweretsa. Chokhumudwitsa n'chakuti ndife timanenerera kwambiri. Munthu wathira mafuta a galimoto, wagula nyama yootcha ndi zakumwa zodzaza bokosi, koma pa wonyamula bokosilo mpamene akumbukira kuti, "Achimwene, ifetu si azungu." Achimwenewo amavomera, chifukwa akakana wina avomera.

Ndipo mndandanda uja, womwe unkateteza wofooka, ukuchepa mphamvu. Mlendo wa masiku ano amapeza gaidi wake pa WhatsApp kapena pa Facebook asananyamuke kwawo, ndipo gaidiyo amasankha yekha anzake onyamula. Amene anafika Fomu 4, wodziwa Chingerezi ndi mayina a mbalame, ali ndi foni yojambula bwino, amakwera kawirikawiri, mwinanso kutsegula kakampani kake. Amene anasiyira sukulu ku pulayimale kuti azitsitsa matabwa amakhalabe wonyamula mpaka mawondo atakana, ngakhale akudziwa kasupe aliyense kuyambira pa Likhubula mpaka pa Madzeka. Penshoni palibe. Ndinafunsa mmodzi wa iwo, waimvi kale, ngati mwana wake adzalowe ntchito yomweyi. "Adzakwere, koma akhale woyankhula," anayankha. "Fizi yake ndi imene ndikusenzayi."