Mau a Cingerezi Onena za Kusanduka kwa Zinthu

Tsiku lina ndinapita kukayendera mmodzi wa ophunzira athu amene anali kuyesera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya m'boma la Chitipa. Poyang'ana m'makope a ana a Sitandade 7 ndinapeza ciganizo ici: "My brother finished college and stayed a teacher." Mphunzitsiyo anali ataciconga kuti ncolondola. Nditamfunsa mwanayo cimene anafuna kunena, anati, "Akulu anga anatsiriza maphunziro nakhala mphunzitsi." M'Cicewa sanalakwe konse. Koma Mngerezi powerenga ciganizoco adzamva kuti mkuluyo anali mphunzitsi kale, ndipo sanaisiye nchitoyo. Mwana anafuna kunena za kusintha, koma analemba za kusasintha.

Gwero la colakwa ici ndilo mneni wathu -khala, amene agwira nchito zambiri. Timakhala pa mpando, timakhala ku Nthalire, ndiponso munthu akaphunzira amakhala mphunzitsi. Mwana amene analoweza kuti "kukhala" ndi "stay" adzaika mauwo ponseponse. Cingerezi ciri ndi mau angapo onena za cinthu cimene ciri kusanduka cina, ndipo liu liri lonse liri ndi malo ace. Inu amene muli kukonzekera uphunzitsi muyenera kuwadziwa bwino, pakuti mayeso a Sitandade 8, kupatula phunziro la Cicewa, amalembedwa m'Cingerezi.

Loyamba ndilo "become". Liu limeneli ndilo liyenera kulowa m'malo mwa -khala pamene tinena za munthu kapena cinthu cimene cafika pa cikhalidwe catsopano. Timati, "Nyasaland became Malawi in 1964," ndiponso, "Malawi became a republic in 1966." Onani kuti dzina la cinthu catsopanoco litsata pomwepo, popanda kaliu kena pakati. Ana ambiri amalemba "became into" kapena "became to be", zonsezi nzolakwa. Mwana uja akanalemba kuti, "My brother became a teacher," bwenzi palibe mlandu.

Aciwiri ndiwo "turn into" ndi "change into", amene alingana ndi -sanduka. Awa timawagwiritsa nchito pamene maonekedwe akale atheratu ndipo paoneka cinthu cina. Mbululu ya m'dambo imamera miyendo, nitaya mcira, nisanduka cule: "A tadpole turns into a frog." Madzi a mumphika akawira asanduka nthunzi: "Water changes into steam." Kaliu kakuti "into" nkomweko kamene tikapeza m'ciganizo cakuti "Go into the house," kunena kuti, lowa m'nyumba. Mngerezi amaona ngati cinthuco caturuka m'cikhalidwe cakale ndi kulowa m'catsopano. Kaliuka kakasowa, tanthauzo lonse ligwa. Wolemba kuti "The tadpole turned a frog" wanena kuti mbululu inatembenuza cule, cinthu cimene palibe anacionapo.

Pano tisiyanitse kusintha kwa dzina ndi kusanduka kwa cinthu ceniceni. Boma la Chitipa linali kuchedwa Fort Hill m'masiku a ulamuliro wa Angerezi, monganso Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, ndi Chipata wa ku Zambia anali Fort Jameson. Tikhoza kunena kuti, "Fort Hill became Chitipa," kapena bwino koposa, "Fort Hill was renamed Chitipa." Koma "turned into" pano sayenera kwenikweni, cifukwa mapiri, mitsinje ndi anthu zinatsala zomwezo, cinasintha ndi dzina lokha.

Acitatu ndiwo "grow into", onena za kusintha kodza pang'onopang'ono mwa kukula. Mwana wa ku Misuku adziwa kuti mbande ya khofi imatenga zaka zitatu kapena zinai isanayambe kubala. Kwa iye ciganizo cakuti "The seedling grows into a tree" sicibvuta kumva, pakuti wacionera m'munda mwa atate ace. Mau omwewa atithandiza kunena za malo amene akula ndi nthawi: "The small boma has grown into a town." Apatu sitinena za dzina, koma za nyumba, masitolo ndi anthu amene acuruka.

Tsono pali kusintha kwina kumene cinthu sicisanduka cina, koma cingosintha mtundu kapena mkhalidwe wace. M'Cicewa mneni mmodzi akwanira: khofi wafiira, mkaka wasasa, agogo akalamba, kunja kwada. Cingerezi kawirikawiri cifuna mau awiri, mneni ndi mfotokozi. Pa mitundu amakonda "turn": "The coffee berries turn red." Pa zinthu zoonongeka amakonda "go": "The milk has gone sour." Pa ukalamba ndi mdima amati "grow old" ndi "grow dark", ndipo m'kulankhula kwa masiku onse amati "get": "The path gets muddy in January." Lamulo loyenera kulembedwa pa bolodi ndi ili: pambuyo pa "turn" ndi "grow", ngati cotsatira ndi dzina, ikani "into", ngati ndi mfotokozi, musaike. Cipatso ca khofi cikafiira cikali cipatso, cifukwa cace timati "turns red". Mbululu ikasanduka cule siilinso mbululu, cifukwa cace timati "turns into a frog".

Nanga pamene munthu ndiye asandutsa cinthu? Ife timasintha mneni yemweyo: -sanduka akhala -sandutsa. Mngerezi sasintha mneni, koma aika cinthu cosandutsidwaco pakati pa mneni ndi "into". Amai akapera mawere timati, "The women turn millet into flour." Mmisiri akakhoma citseko timati, "The carpenter made the planks into a door." Ana azolowere dongosolo limeneli: wocita, mneni, cinthu cakale, "into", cinthu catsopano.

Cotsala ndico nthawi, pakuti kusanduka kuli ndi ciyambi, pakati ndi mapeto. Pamene kusinthako kukali kucitika timati "is becoming" kapena "is turning". Pamene kwatha ndipo zotsatira zace tiri kuziona, timati "has become". Pamene tichula caka kapena tsiku, tiyenera kunena "became". Kotero "Nyasaland has become Malawi in 1964" ncolakwa, ngakhale mbiri yace njoona. Ponena za cikhalidwe cakale cimene cinatha pali mau akuti "used to be". Mseu wocokera ku Karonga kudza ku Chitipa unali wafumbi zaka zambiri usanathiridwe tala, ndipo ana akhoza kulemba kuti, "It used to be an earth road, but it has become a tarred road." Mau onga "slowly", "gradually" ndi "little by little" aonjezedwe pamene tifuna kuonetsa kuti kusinthako sikunadze tsiku limodzi.

Wina adzati: bwanji osangopatsa ana mndandanda wa mau ndi matanthauzo ace m'Cicewa? Kumbukirani kumene muli kupita. Cicewa cinakhala cinenero ca dziko lonse m'caka ca 1968, koma ana ambiri a ku Chitipa kwao amalankhula Cilambya, Cisukwa, Cindali, Cinyiha kapena Citumbuka. Kwa iwo Cicewa ndi cinenero caciwiri ndipo Cingerezi ncacitatu. Mukamasulira liu ndi liu, mwana aoloka mitsinje iwiri, ndipo tanthauzo likhoza kukokoloka pa dooko liri lonse. Ndi momwe "stayed a teacher" anabadwira.

Njira yabwino ndiyo kubweretsa kusandukako m'kalasi. Ikani mbululu m'botolo la madzi a kudambo, bzalani nyemba m'citini, ndipo ngati muli ku dera la khofi dzani ndi nthambi ya zipatso zobiriwira ndi zofiira. Sabata iri yonse ana aziyang'ane, anene m'cinenero cao cimene aona, ndipo pamenepo muwapatse ciganizo ca Cingerezi, acinene ndi kucilemba pansi pa tsiku lace. Sabata yoyamba adzalemba "It is a tadpole"; patsogolo "It is turning into a frog"; potsiriza "It has turned into a frog," ndipo culeyo mukambwezere kudambo. Pakutero adzaphunzira mau ndi nthawi yace pamodzi, popanda kuloweza lamulo limene salimva.

Poconga makope, mukapeza "stay" kapena "sit" patsogolo pa dzina la nchito, musafulumire kulemba mzere wofiira kapena kubvomereza. Muitaneni mwanayo, mumfunse cimene ali kufuna kunena. Kawirikawiri mudzapeza kuti maganizo ace ngolondola, ndipo cosowa ndi liu limodzi lokha limene inu muli nalo.