Bwato la mlimi: kusema, kukhoma ndi kuyenda bwino pamadzi

Mukakhala ku Kaliyeka, Biwi kapena Kawale mumzinda wa Lilongwe, nkhani ya bwato imaoneka ngati ya anthu a kunyanja okha. Komatu ambiri mwa inu muli ndi minda kumudzi, kutsidya kwa mitsinje monga Bua, Rusa, Diamphwe ndi Linthipe. Ena mumakapikula usipa ku Senga Bay kapena mpunga ku Lifuwu m'boma la Salima. Mitsinje ikadzadza, bwato ndi limene limawolotsa inu, feteleza wanu ndi zokolola zanu.

Ngozi zake si nkhambakamwa. Mu Epulo 2023 bwato linatembenuka pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji litanyamula anthu opita kumaliro, ndipo ena anamira. Mwezi wotsatira, mvuu inagunda bwato lomwe munali anthu 37 pa mtsinje wa Shire ku Nsanje. Anthuwo amawoloka kupita kuminda yawo. Uthenga uno ukuthandizani kudziwa bwato labwino, katundu amene lingathe kunyamula, ndi nthawi yoyenera kukana kukwera.

Chifukwa chake bwato limamira

Bwato limayandama chifukwa limakankha madzi olemera mofanana ndi ilo pamodzi ndi zonse zimene lanyamula. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Choncho mukakweza thumba la chimanga la makilogalamu 50, bwato limatsika mpaka litakankha malita 50 ena a madzi.

Mwachitsanzo, bwato losema lotalika mamita 5, lomwe m'mimba mwake ndi theka la mita, limatsika pafupifupi masentimita 2 ndi theka pa thumba lililonse. Mukakweza matumba 4 ndi anthu akuluakulu 4, latsika kale masentimita oposa 20. Mpata umene watsala pakati pa madzi ndi mlomo wa bwato ndiwo moyo wanu. Ukachepa, kafunde kakang'ono kapena munthu mmodzi kungoimirira, madzi ayamba kulowa. Madzi olowawo amawonjezera kulemera, ndipo amathamangira mbali imene bwato lapendekera n'kulitembenuza.

Kusankha mtengo ndi kusema bwato

Kale amisiri ankasema mabwato kuchokera ku mitengo yolimba monga mbawa, mlombwa ndi chonya. Lero mitengo ikuluikulu yotereyi yasowa, ndipo mbawa ndi mlombwa ili m'gulu la mitengo yotetezedwa. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limapereka chilango kwa odula mitengo popanda chilolezo. Musanagwetse mtengo, kaonaneni ndi alangizi a za nkhalango komanso amfumu.

Ambiri tsopano akusema nsangu, mango ndi malaina. Mitengo iyi imasemeka msanga koma siyichedwa kuola. Dziwaninso kuti nsangu umawonjezera chonde m'munda, ndiye kuugwetsa n'kuluza manyowa a zaka zambiri.

Posema kapena pogula bwato, onetsetsani izi:

Thunthu likhale lowongoka, lopanda mphako, chiswe kapena mng'alu wochokera pamtima.

Pansi pakhale pochindikala kuposa m'mbali. Kulemera kukakhala pansi, bwato siligwedezeka wamba.

Mbali zonse ziwiri zichindikale mofanana. Liikeni pamadzi osaya lili lopanda kanthu. Likapendekera mbali imodzi, mmisiri asemenso.

Semerani pamthunzi, ndipo mukaweruka vundikirani ndi udzu kapena masamba. Mtengo wauwisi ukauma mofulumira padzuwa umang'aluka.

Zigamba za malata kapena pulasitiki zikachuluka kuposa mtengo, bwatolo latha ntchito. Musalikwere ndi ana kapena katundu.

Kukhoma boti la matabwa

Posema bwato, gawo lalikulu la thunthu limathera m'zipalapasa. Thunthu lomwelo likachekedwa matabwa limatulutsa boti lotakata, lonyamula zambiri ndiponso losatembenuka msanga. Ubwino wina ndi wakuti thabwa limodzi likaola mumangolichotsa n'kukhomapo lina. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, kumene kuli sukulu ya za usodzi, maboti otere akhala akukhomedwa kwa zaka zambiri.

Kalipentala wodziwa zitseko ndi mipando sikuti wadziwa kale boti. Gulu lanu likafuna kukhoma, pezani mmisiri amene anakhomapo maboti omwe akuyenda pamadzi mpaka pano. Ntchito imayamba ndi msana wa boti, womwe ndi mtanda wolimba woyala pansi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pamsanapo amamangapo nthiti, kenako matabwa amakhomedwa pa nthitizo.

Gwiritsani ntchito matabwa ouma bwino, opanda mfundo zikuluzikulu. Matabwa auwisi amafota akauma n'kusiya mipata. Misomali ikhale yokutidwa kuti isachite dzimbiri, chifukwa misomali wamba imadyeka mkati mwa thabwa inu osaona. M'mipata ya matabwa tsindirani thonje kapena chingwe cha thonje, kenako matani ndi phula ndi kupaka penti. Boti latsopano liyambe lakhala pamadzi osaya masiku angapo kuti matabwa afufume ndi kutseka timipata totsala.

Lembani mzere wa katundu

Iyi ndi ntchito ya tsiku limodzi koma imapulumutsa miyoyo. Ikani bwato pamadzi osaya, odekha. Kwezani matumba a mchenga limodzilimodzi, mukuyang'ana mpata wa pakati pa madzi ndi mlomo. Pamtsinje wodekha, mpatawo usachepere kutambasula kwa dzanja la munthu wamkulu kuchokera ku chala chachikulu kufika ku chapakati, pafupifupi masentimita 20. Kunyanja, kumene kuli mafunde, siyani mpata woposa pamenepa. Pakani mzere wa penti yowala mbali zonse ziwiri pamene madzi alekeza. Mzere ukabisika, wina atsike kapena thumba litsale.

Katundu wolemera aikidwe pansi komanso pakati. Njinga zigonekedwe ndi kumangidwa. Mbuzi ndi nkhumba zimangidwe miyendo. Aliyense akhale pansi mpaka bwato litagunda gombe, ndipo muzitsika mmodzimmodzi. Kuwoloka kawiri n'kotchipa kuposa maliro.

Thanga ndi zingwe zake

Kunyanja ena amasoka matumba a feteleza kapena a ufa kukhala thanga kuti mphepo iwathandize kupalasa. Thanga limapulumutsa mphamvu, koma limakankha bwato kuchokera pamwamba, choncho lingathe kuligwetsa. Pa bwato lopapatiza, thanga likhale laling'ono ndipo mlongoti ukhale waufupi. Tsinde la mlongoti likhazikike m'dzenje la thabwa lokhomedwa pansi, ndipo ligwiridwenso ndi thabwa lopingasa pamwamba.

Chingwe chokokera thanga musachimange mfundo. Chigwireni m'manja kuti mphepo ikawomba mwadzidzidzi mungochitaya, thanga n'kutaya mphepoyo. Chingwe chokwezera thanga chimangidwe mfundo yomasuka ndi kukoka kumodzi. Zingwe za nayiloni zimafumbutuka ndi dzuwa, ndiye ziyang'aneni ulendo uliwonse. Nkhafi musazisiye kumtunda ngakhale mphepo ikhale yabwino.

Dziwani mphepo ndi njira

Pa nyanja ya Malawi, mphepo ya mwera imachokera kummwera chakum'mawa ndipo imalimba m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Imautsa mafunde aakulu ndipo imatha kuwomba masiku angapo osaleka. Imeneyinso ndi nthawi yokolola ndi kugulitsa mpunga, pamene mabwato amadzadza kwambiri. Mpoto umachokera kumpoto m'nyengo ya mvula, ndipo nthawi zina umadza ndi namondwe wadzidzidzi. Nthambi yoona za nyengo imalengeza machenjezo a mwera pa wailesi. Mukamva chenjezo, kapena mukaona asodzi a pamalopo akukokera mabwato kumtunda, ulendo ulephereke.

Musanachoke pagombe, sankhani zizindikiro ziwiri zosasuntha kutsidya, china patsogolo china kumbuyo kwake, monga mtengo waukulu ndi nsonga ya phiri. Zikakhala pamzere umodzi, muli m'njira. Zikayamba kutalikirana, madzi kapena mphepo ikukutengani. Powoloka mtsinje wothamanga, lozetsani mutu wa bwato chakumtunda kwa mtsinje kuti madzi akakufikitseni padoko. Mukaona mitengo ndi zinyalala zikuyandama, madziwo akukwerabe, ndiye dikirani. Mvula yogwa ku Dzalanyama imatha kudzadzitsa mtsinje wa Lilongwe ngakhale pamene muli inu pali dzuwa.

Pewani kuwoloka usiku, m'bandakucha ndi chisisira, nthawi imene mvuu zimatuluka ndi kubwerera m'madzi. Mvuu ya mwana ilambalaleni patali. Kumene kuli ng'ona, musalendewetse manja kapena miyendo m'madzi.

Zoyenera kukhala m'bwato

Jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, yovalidwa ndi kumangidwa musananyamuke.

Chokapira madzi chomangiriridwa ku bwato ndi chingwe. Chigubu chodulidwa pakamwa chimakwanira.

Nkhafi yapadera, chingwe chachitali ndi nangula kapena mwala womangidwa bwino.

Tochi, wezulo ndi foni yokulungidwa m'jumbo.

Zigubu zopanda kanthu, zotsekedwa zolimba. Chigubu cha malita 20 chimatha kuyandamitsa makilogalamu pafupifupi 19, zomwe n'zokwanira kuti munthu wochigwira mutu wake ukhale pamwamba pa madzi. Komabe sichilowa m'malo mwa jekete, chifukwa munthu akatopa kapena kukomoka amachitaya.

Bwato likatembenuka

Gwirani bwato ndipo musalisiye. Bwato la mtengo kawirikawiri limayandamabe ngakhale litadzadza madzi, komanso opulumutsa amaliona msanga kusiyana ndi mutu wa munthu. Siyani katundu apite. Mukakhala kumtunda, musadumphire m'madzi kukagwira munthu amene akumira, chifukwa angakukokereni pansi. Mponyereni chingwe kapena chigubu, kapena mutambasulireni nsungwi.

Ntchito ya alimi achitsanzo

Kambiranani ndi amfumu ndi eni mabwato kuti padoko lililonse pakhale chiwerengero chodziwika cha anthu okwera, ndipo bwato lililonse likhale ndi mzere wa katundu. Kalabu yanu ingathe kusonkha ndalama zogulira majekete osungidwa padoko. Pa mtengo uliwonse wodulidwa kuti ukhale bwato, bzalani mbawa zingapo m'mphepete mwa mtsinje. Ngati mukufuna kunyamula anthu polipiritsa, funsani a Dipatimenti ya Marine za kalembera ndi kuyezetsa boti lanu.

Kuti mudziwe zambiri, onanani ndi alangizi a zaulimi, a za nsomba kapena a za nkhalango a m'dera lanu.