ZIPOLOPOLO ZOYENERA MFUTI ZAKALE ZA NKHONDO: CHENJEZO KWA ALANGIZI

Ku Pinetown, pafupi ndi Durban, monganso m'maboma ambiri a Malawi, Zambia ndi Mozambique, mabanja ena a alimi akusungabe mfuti zimene anasiya makolo. Pamene nguluwe kapena anyani ayamba kuononga chimanga, mlimi amatulutsa mfuti yotere nafunafuna zipolopolo. Mlangizi si mmisiri wa mfuti, komabe ndiye amafunsidwa poyamba. Mfundo yoti aigwiritse ndi iyi: chipolopolo chikalowa bwino mu mfuti, sindiye kuti nchoyenera.

Gwero la Ngozi

Mfuti ya Martini-Henry, imene asilikali a Britain ananyamula pa nkhondo yolimbana ndi Azulu m'chaka cha 1879, inapangidwira chipolopolo cha .577/450 chokhala ndi onga wakuda wotulutsa utsi wambiri. Onga wamakono wopanda utsi umakankha mwamphamvu kuposa wakuda, ndipo chitsulo chokalamba chingathe kung'ambika pafupi ndi nkhope ya woombayo. Kuyambira m'chaka cha 1895 zina mwa mfutizi zinaikidwa mpope watsopano wa .303 nizitchedwa Martini-Enfield. Maonekedwe ake akunja nzofanana kwambiri, koma zipolopolo zake nzosiyana.

Chimodzimodzinso Lee-Enfield ya .303, imene asilikali a King's African Rifles ankagwiritsa ntchito. M'zaka za m'ma 1960 fakitale ya ku Ishapore, ku India, inapanga mfuti yofanana nayo, yotchedwa 2A, koma yolandira chipolopolo cha 7.62 NATO.

Mfuti za Mauser nazonso zili ndi msampha wake. Zimene Mabunu anamenyera nkhondo ya 1899 mpaka 1902 zambiri zinali za 7x57. Za ku Germany za 8x57 zilipo mitundu iwiri: yoyamba, ya 1888, imalandira chipolopolo cha mamilimita 8.08 m'mimba mwake, pamene yapambuyo, yokhala ndi chilembo "S", imalandira cha mamilimita 8.20. Kusiyanaku sikuoneka ndi maso. Chachikulucho chikhoza kulowa mu mfuti ya mpope wopapatiza, ndipo pochiomba mphamvu ya onga imakwera kufika poopsa.

Zoti Mlangizi Auze Mlimi

1. Awerenge zolembedwa pa mpope wa mfuti ndi kuzifanizira ndi zolembedwa kumatako kwa chipolopolo. Pa mfuti za ku Britain, chidindo cha "NP" kapena "BNP" chimaonetsa kuti mfutiyo inayesedwa ndi onga wopanda utsi.

2. Asadalire zolembedwazo zokha, popeza mfuti zambiri zinasinthidwa mpope popanda kulembedwanso. Mmisiri wovomerezeka ayeze mkati mwa mpope ndi malo okhalamo chipolopolo, aonenso dzimbiri ndi ming'alu.

3. Asaombe chipolopolo chobiriwira, chong'aluka khosi, kapena chodzazidwa ndi munthu wosadziwika.

4. Chipolopolo chakale chimachedwa kuphulika nthawi zina. Chikakana, mfuti iloze kutchire kwa mphindi yathunthu isanatsegulidwe.

5. Zipolopolo zambiri zakale za asilikali zimasiya mchere umene umadya mpope. Autsuke ndi madzi otentha tsiku lomwelo, auumitse, kenaka aupake mafuta.

6. Mu mfuti ya gogodela musalowe onga wochotsedwa m'zipolopolo zamakono.

Lamulo

Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la m'chaka cha 2000 limafuna chiphaso, ndipo mwini chiphaso amaloledwa kusunga zipolopolo za mfuti yake yokhayo. Maiko enanso ali ndi malamulo awo a mfuti ndi a nyama zakutchire. Mlimi afunse kupolisi ndi kwa oyang'anira nyama asanaombe.

Pomaliza, alangizi anzanga, kumbukirani kuti mpanda wolimba, kulondera munda mosinthana, ndi tsabola wopirikitsira njovu zimateteza mbeu popanda kuika moyo pachiswe. Mfuti imene mmisiri sanaione ikhale yopachika. Chimanga chikadyedwa tidzabzala china. Dzanja la mlimi silibwerera.