MSEWU WA PAKATI PA BLANTYRE NDI LIMBE, NDI MPHAMBANO YA KU NDIRANDE

Nkhani iyi inakambidwa pa wayilesi ndi Mlangizi wa Zaulimi, pa nthawi ya alimi ndi mafumu.

Masiku ena timakambirana za mbewu, manyowa ndi nkhokwe. Lero ndati tikambeko za msewu. Kapena wina afunsa kuti, "Kodi mlangizi wa zaulimi ali nawo chiyani msewu wa m'tauni?" Yankho lake ndi ili: mbewu imene mwalima siisanduka ndalama kufikira itafika pamsika. Tsono kuno kummwera mbewu zambiri zimadzera pa msewu umodzi waufupi, uja wolumikiza Blantyre ndi Limbe. Utali wake ndi ngati mamailosi 5, ndiko kunena makilomita 8, koma ukatsekeka umasautsa alimi a maboma ambiri.

CHIYAMBI CHAKE

Mudzi wa Blantyre unayamba mu 1876, pamene amishoni a ku Scotland anamanga m'dziko la mfumu Kapeni. Pambuyo pawo panafika amalonda a African Lakes, amene anthu anawatcha Mandala. Masiku amenewo kunalibe galimoto. Katundu ankabwera pa sitima za pamadzi mumtsinje wa Shire kufikira kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, ndipo kuchokera kumeneko makolo athu, amtengatenga, ndiwo ankasenza pamutu kukwera naye mapiri.

Mu 1908 njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre. Eni njanji anaika likulu lawo ku Limbe, ndipo a Imperial Tobacco Company anamanganso fakitale yawo ya fodya komweko. Mu 1938 malonda a fodya a pa okushoni anayamba ku Limbe. Chomwecho panakhala matauni awiri oyandikana: ku Blantyre kunali mishoni, masitolo ndi mabanki, ku Limbe kunali njanji ndi fodya. Munthu wogulitsa mbewu kuno ankafuna kukagula katundu uko, ndipo njira ya pakati pawo inanka ikulirakulira. Mu 1956 matauni awiriwa anaphatikizidwa kukhala amodzi, ndipo mu 1966 Blantyre anakhala mzinda.

Akuluakulu akukumbukira kuti msewuwu unkatchedwa Kamuzu Highway. Boma litasintha mu 1994, unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere Highway, kukumbukira Bambo Henry Masauko Chipembere, mmodzi wa omenyera ufulu wa dziko lino, amene anali nduna ya zamaphunziro mu 1964, ndipo anamwalira ali ku America mu 1975. M'zaka za m'ma 2000 ndi 2010 msewuwu unakonzedwa ndi kukulitsidwa ndi chithandizo cha Boma la Japan. Pa mbali yaikulu ya ulendo, magalimoto awiri amayenda mogundizana kupita ku Limbe, awiri enanso kubwerera ku Blantyre, ndipo pakati pali kamtunda kowalekanitsa.

KUMENE UMADZERA

Tiyeni tiuyende pamodzi. Tinyamuke pa Clock Tower, m'tauni ya Blantyre, kulunjika ku Limbe. Poyamba tifika pa Ginnery Corner. Dzinali ndi la ife alimi, chifukwa kale pamenepa panali makina ochotsa njere za thonje. Pafupi pomwepo pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene chinatsegulidwa mu 1958, ndi sukulu ija inkatchedwa Polytechnic, imene lero ndi yunivesite ya MUBAS.

Tikapitirira tifika ku Chichiri. Kumeneko kuli bwalo la masewero la Kamuzu, kumene mbendera ya Malawi inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964. Kulinso chipilala cha ufulu chimene magalimoto amadutsa pansi pake, bwalo la chionetsero cha malonda, khoti lalikulu ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kuchoka apo tidzera pa Maselema ndi kulowa m'Limbe, kumene njira zimagawikana: ina ya ku Zomba, ina ya ku Thyolo ndi Mulanje, ina ya Midima. Taonani tsono kuti tiyi, chimanga, nandolo, nthochi ndi tomato zochokera m'njira zonsezi, zikamapita ku Blantyre, zambiri zimadzera pakhosi limodzi lomweli.

Koma tibwerere pang'ono ku Chichiri. Pafupi ndi bwalo la masewero pali mphambano, ndipo msewu wa Makata umapatukira kumanzere, kuloza phiri la Ndirande. Umatsikira kuchigwa cha mtsinje wa Mudi, kumene kuli mafakitale. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead inayamba kumeneko mu 1967, kuti thonje la alimi a dziko lino liziwombedwa konkuno, ndipo ya mowa wa Carlsberg inatsegulidwa mu 1968. Anthu ochokera m'midzi yambiri anabwera kudzafuna ntchito, namanga nyumba m'tsinde mwa phiri. Anthu amenewa alibe minda yokwanira, amadya zogula. N'chifukwa chake msika wa Ndirande uli waukulu, ndipo ambiri a inu mumatumizako ndiwo zamasamba, mbatata, chinangwa ndi nkhuku. Msewu wa Makata ndi waufupi, koma ndi limodzi la makomo olowera kumsika umenewo.

MDANI WA MSEWU ALI KUMUNDA

Pano ndipo pali mutu wa nkhani yanga. Anthu ambiri amayesa kuti chimaononga msewu ndi magalimoto olemera okha. Inde amaononga, koma mdani wamkulu ndi madzi, ndipo madziwo amachokera kumtunda kumene ife timalima.

Phiri la Ndirande kale linali ndi nkhalango. M'zaka za m'ma 1990 mitengo inadulidwa, ndipo minda inakwera m'phiri. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo siilowa pansi. Imathamanga, nitenga dothi la pamwamba, lija la chonde, kutsikira nalo ku Nasolo ndi ku Mudi. Dothilo likafika pa msewu limatseka ngalande ndi mipope ya pansi pa msewu. Madzi akasowa podzera amakwera pa phula, nalowa m'ming'alu, ndipo posachedwa pakumbika dzenje. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mlimi wataya kawiri: chonde cha m'munda mwake chapita, ndipo lole yonyamula tomato wake yaima padzuwa, tomato nkumaphwanyika m'madengu. Ndiponso si katundu yekha amene amatayika. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe. Soche ndi Ndirande ndi mapiri a mzinda umodzi.

ZOTI TICHITE

Choyamba ndi cha inu alimi a m'malo otsetsereka. Mizere yanu izipingasa phiri, isamatsike nalo. Itanani mlangizi wa kwanu akuthandizeni kuika akalozera, ndipo pa akalozerawo bzalani udzu wa vetiva. Pakati pa mizere ikani timizere totseka, kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Musalime kufikira m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Pamene patsetsereka kwambiri mpofunika mitengo, osati chimanga.

Chachiwiri ndi cha inu mafumu ndi anyakwawa. Malo a m'mbali mwa msewu, pamodzi ndi ngalande zake, ndi a Boma. Anasiyidwa dala kuti madzi azidzeramo, anthu aziyendamo, ndi kuti msewu udzathe kukulitsidwa. Musagawire munthu malo amenewo, kaya a munda, kaya a nyumba, kaya a golosale. Ngati malire akukukayikitsani, funsani a Khonsolo kapena a Roads Authority munthuyo asanaumbe njerwa. Nyumba ikadzagwetsedwa, mwini wake adzalirira pakhomo panu. Ndipo mvula isanayambe, memezani anthu anu achotse dothi ndi zinyalala m'ngalande za m'mudzi mwanu.

Chachitatu ndi cha tonse tikabwera m'tauni. Msewu uwu suli ngati wa kumudzi. Musayale malonda pa phula, pitani nawo mumsika. Mbuzi ndi ng'ombe zisayende zokha m'mbali mwake. Pamene palibe njira ya oyenda pansi, yendani kudzanja lamanja, kuti galimoto yobwera muziiona. Powoloka funani malo a mizere yoyera. Yang'anani kumanja, muwoloke kufikira pa kamtunda ka pakati, muime, kenaka yang'anani kumanzere ndi kutsiriza. Wosenza dengu pamutu satha kucheuka msanga, choncho asafulumire.

Makolo athu anasenza katundu pamutu kuchokera kwa Katunga. Ife tapatsidwa msewu wa phula, ndipo mbali ina ya ntchito yousamala yagwera khasu lathu. Mafumu, kakambiraneni zimenezi pabwalo ndi anthu anu mvula isanagwe. Sabata yamawa tidzakamba za kakonzedwe ka nazale ya mitengo. Tsalani bwino nonse.