Khadi Linatchena pa Chitedze

Khadi loyamba la ukwati wa mlongo wanga linali lomvetsa chisoni. A komiti analilemba mothamanga, zilembo zikuluzikulu zokhazokha za Arial, zakuda bii, papepala la fotokope. Malume atalipenya anapukusa mutu. "Mphwanga, uku n'kuitanira anthu ku ukwati kapena kumsonkhano wa makuponi a feteleza?"

Ndinalitengera pa Chitedze, pakashopu kosindikiza m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kufupi ndi siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ija inakhazikitsidwa mu 1948. Mtsikana wa pakompyuta anangomwetulira. "Achimwene, khalani pansi muone."

Mawu sanasinthe ngakhale limodzi. Anangosankha mayina a mkwati ndi mkwatibwi n'kuwaveka zilembo za Edwardian Script. Abale inu! M wa padzina uja, yemwe anali atangoti chilili, anapendama, n'kutaya mchira wautali wopotana, zilembo zotsatira n'kugwirana mpaka kumapeto kwa dzina. Ndinaomba m'manja ndili pabenchi pomwepo.

Kukongola kwa zilembozi kuli pamzere. Pokwera umachepa mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka, potsika umanenepa. Umo ndi momwe cholembera chosongoka choviika mu inki chinkalembera: ukachipanikiza nsonga imakanuka, inki n'kutuluka yambiri. Ku England alembi aluso ankalemba motero, amisiri n'kuzokota zolembazo pamkuwa kuti zisindikizidwe, monga anachitira George Bickham m'buku lake la The Universal Penman m'zaka za m'ma 1730. Edward Benguiat wa ku New York ndiye anakonza Edwardian Script mu 1994, ndipo lero ili m'makompyuta ambiri omwe ali ndi Microsoft Office. Luso la zaka mazana atatu lafika pa Chitedze, aliyense atha kulipeza!

Chimwemwe chitandikwera ndinati alembe khadi lonse choncho. Mtsikana uja anakana ndithu. Zilembozi, anatero, n'za mayina basi; ukazilemba zikuluzikulu zokhazokha michira imakolana, ukazichepetsa timizere towonda timasowa posindikiza. Tsiku, nthawi, tchalitchi ndi malo a madyerero anazilemba ndi zilembo zoongoka kuti agogo a ku Kabudula asasochere. Ndikuona kuti apa ndi pomwe makhadi ambiri amalakwira: zokongoletsa zimachuluka mpaka munthu osadziwa kuti ukwati uli liti.

Anasindikiza papepala lolimba, loyera ngati mkaka, mayina ali agolide, m'mbali monse muli mpata wopumira.

Kunyumba azakhali analilandira ndi manja awiri, n'kuyamba kululuta ukwati usanafike. Agogo aamuna anatsata zilembozo ndi chala, akuti kusukulu ya mishoni ankawaphunzitsa kulemba molumikiza chomwecho. Malume aja anaitanitsa makhadi ena makumi atatu a achibale a ku Nsaru ndi ku Namitete, ndipo analamula kuti pakeke ndi pansalu ya kuholo mayinawo alembedwe chimodzimodzi.