Kuikanso Nsomba m'Dziwe Pambuyo pa Nthenda ya Zilonda

Mlimi amene nsomba zake zatha ndi matenda amafika kwa mlangizi ndi funso limodzi: mbewu ina aipeza kuti, nanga aiika liti? Funsoli n'lomveka, pakuti dziwe lopanda nsomba silipatsa banja ndiwo kapena ndalama. Koma mlangizi asanayankhe ayenera kufunsa lake: kodi nthendayo inalowera pati, nanga yachokadi? Nsomba zikhoza kufa zonse koma chimene chazipha n'kutsala m'matope, m'ngalande ndi pa makoka.

Pano tikamba za nthenda ya zilonda zofiira, imene akatswiri amaitchula mwachidule kuti EUS. Imayamba ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Aphanomyces invadans, chimene chimalowa pamene khungu la nsomba lakalika kapena lafooka, ndi kudya mnofu mpaka kusiya chilonda chakuya. Inaoneka koyamba ku Japan mu 1971. M'chigawo chathu inabuka mu mitsinje ya Chobe ndi Zambezi mu 2006, inatsimikizika ku Botswana, Namibia ndi Zambia m'zaka zotsatira, ndipo mu 2020 inapezeka ku Malawi m'boma la Mchinji. Imakula mphamvu madzi akazizira kufika pakati pa madigiri 18 ndi 22, ndiponso akakhala ndi asidi wambiri. Mankhwala ochiza nsomba yodwala kale palibe. Choncho ntchito yonse ili pa kukonza dziwe ndi kusankha mbewu.

Kuyeretsa dziwe

Nsomba zakufa ndi za zilonda zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi madzi, ndipo zithiridwe laimu. Zisagulitsidwe, zisapatsidwe nkhumba kapena agalu. Madzi a m'dziwemo asatayiridwe mumtsinje kapena m'ngalande yopita kwa alimi a kumunsi. Ndi bwino kuwalowetsa m'dimba kuti anthaka. Kenaka pansi pa dziwe paume padzuwa kufikira dothi litang'aluka.

Kunena izi n'kosavuta, koma alangizi akudziwa kuti maiwe ambiri a alimi ang'onoang'ono anakumbidwa m'madambo, momwe madzi amatumphuka pansi chaka chonse. Dziwe lotero siliuma konse, ngakhale mu Okutobala. M'matope akemo mumabisala milamba, nsomba imene imapuma mpweya wa kunja ndi kukhala moyo pamene zina zonse zafa. Mlamba umodzi wa chilonda wotsala m'thope ukhoza kuononga ntchito yonse. Matope apapasidwe ndi manja, ndipo zithaphwi zotsala zithiridwe laimu wochuluka kuposa malo ouma.

Pa nkhani ya laimu ambiri amasokoneza. Laimu wa m'munda amachepetsa asidi m'nthaka ndi m'madzi, ndipo ndi wothandiza, koma sapha tizilombo. Wopha tizilombo ndi laimu wootcha kapena njereza yopakira nyumba, zimene zimakweza pH ya matope kufika pa 11 kapena kupitirira. Laimuyu amwazidwe pa dothi lonyowa, osati louma gwa, kuphatikizapo m'mbali mwa dziwe ndi pa khomo la madzi. Amaotcha khungu ndi maso, choncho womwazayo avale nsapato zajombo ndi kufulatira mphepo. Madzi akalowetsedwanso, padutse masabata osachepera 2, ndipo nsomba zisaikidwe pH isanatsike kufika pakati pa 7 ndi 8.5. Makoka, ndowa ndi mabeseni zitsukidwe ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma. Khoka la kalabu, loyenda dziwe ndi dziwe likadali lonyowa, ndi njira imodzi imene nthendayi imayendera m'mudzi.

Ngati madzi amachokera mumtsinje momwe nsomba za zilonda zaonekamo, kuyeretsa kokha sikukwanira. Pa khomo la madzi paikidwe sefa yotsekereza matemba ndi nsomba zina za kutchire, makoma akwezedwe kuti madzi osefukira a dzinja asalowe, ndipo ngati pali kasupe kapena chitsime, ndiwo madzi oyenera kudzazira.

Mbewu yatsopano

Mlimi amene waluza amafuna mbewu yotsika mtengo, ndipo yotsika mtengo ndi ya kwa mnansi kapena yowedza kumtsinje. Zonsezi n'zokayikitsa m'dera limene mwadutsa nthendayi, pakuti nsomba ikhoza kuoneka yosalala koma itatenga kale chukucho. Mbewu ichokere ku malo oswetsera odziwika, monga a boma ku Domasi m'Malawi ndi ku Mwekera m'Zambia, kapena kwa oswetsa ena ovomerezeka ndi ofesi ya za nsomba.

Ikafika isambitsidwe m'madzi a mchere, magalamu 200 mu ndowa ya malita 20, kwa mphindi zochepa, ndi kuichotsa msanga ikayamba kugona cham'mbali. Kenaka isungidwe payokha masabata 2 kapena 3. Tikati payokha tikutanthauza madzi akeake. Kachikwere ka ukonde komangidwa m'dziwe lomwelo kamalekanitsa nsomba koma sikalekanitsa madzi, ndipo mbewu za chukucho zimasambira kudutsa m'maso a ukonde.

Kusakaniza mitundu

Alimi ambiri amaweta makumba, chilunguni ndi milamba m'dziwe limodzi, nthawi zina ndi matemba omwe. Mitundu yonseyi isabwezedwe tsiku limodzi. Poyamba aike makumba ochepa ngati oyesera madzi, ndi kuwayang'ana m'mawa uliwonse kwa masabata 2: kodi akudya gaga, kodi pali amene akuyandama pamwamba kapena ali ndi kadontho kofiira? Zikayenda bwino aonjezere makumba ndi chilunguni, osapyola nsomba 2 kapena 3 pa sikweya mita imodzi chaka choyamba, chifukwa nsomba zothinana zimakalana. Milamba ndi matemba, zimene zimagwidwa msanga ndi nthendayi, zibwere pomalizira, kapena zidikire nyengo ina.

Nthawi yoikira isankhidwe mosamala. Kuika mbewu mu Meyi kapena Juni n'kuilowetsa m'miyezi yozizira imene chukucho chimakonda, pamenenso nsomba sizidya kwambiri. Kumene madzi alipo okwanira, ndi bwino kudikira kuti afunde kuyambira mu Seputembala.

Mlangizi alembe tsiku loika, kumene mbewu yachokera ndi chiwerengero cha zakufa sabata iliyonse. Chilonda chikaonekanso, nsomba zisachoke pa dziwelo kupita kwina, ndipo ofesi ya za nsomba ya m'bomalo idziwitsidwe tsiku lomwelo kuti itenge nsomba zodwala zikadali zamoyo kukaziyeza.